Mwana wa Kaphulusa

Kalekale, msewu wa ku Dedza usanaone phula, kuseri kwa mapiri chakumalire kunali esiteti yotchedwa Chiphazi. Mwini wake anali mzungu amene anthu ankangomutcha Bwana Kamndevu. Fodya ankalima ndithu, koma chimene chinkamudzutsa m'mawa chinali akavalo othamanga. Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti udzu utauma, eni akavalo ochokera kutali ankasonkhana padambo la Chiphazi kudzapikisana, ndipo wopambana ankabwerera kwawo ndi chikho chasiliva.

Kapitawo wa makola anali a Khonyongwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi anakhala akupesa akavalo a eni, kuwasema ziboda, kuwayendetsa akadwala m'mimba. Akavalo ophunzitsidwa ndi iwo anatenga chikho chija kasanu ndi kawiri, koma tsiku la mpikisano iwo ankaima kuseri kwa mpanda atanyamula chidebe cha madzi. Sankadandaula pamaso pa anthu. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachilakalaka: kuti asanafe, kavalo wawowawo adzatenge chikhocho iwo ataima kutsogolo.

Tsono pa Chiphazi panali kachitidwe kamene Bwana Kamndevu anabwera nako. Pakhomo pa khola lililonse ankakhomapo thabwa, pathabwapo dzina la kavalo, m'munsi mwake dzina la bambo wake. La mayi, ayi. Bwanayo ankati liwiro limachokera kwa mphongo, wamkazi ndi thumba chabe longonyamula mwana. A Khonyongwa anangomeza mawuwo osatafuna, ndipo apa m'pamene pamandipsetsa mtima ine. Munthu Mchewa weniweni, wobadwira m'mbumba ya amayi ake, woleredwa ndi amalume ake, amene ana ake omwe ankawerengedwa kuchikazi, atangolowa m'khola la mzungu zonsezo anazisiya pakhomo ngati nsapato. Kwa anthu ankadziwa kumene mtundu umadzera, koma kwa akavalo ankawerenga thabwa.

Bwana Kamndevu atakalamba anabwerera kwawo. Potsanzika anapatsa a Khonyongwa kachigawo ka dambo ndi akavalo awiri. Pa Chiphazi kavalo sankaperekedwa ndi pakamwa: mwini ankaika chingwe chachikopa chakumutu m'manja mwa wolandira anthu akuona, ndipo wogwira chingwecho ndiye ankakhala mwini. Chingwe choyamba chinali cha Bwanankubwa, mphongo yofiirira, yaitali miyendo, yonyada poyenda. Chachiwiri chinali cha Kaphulusa, kavalo wamkazi wotuwa, wamfupi, wachimutu, chifuwa chotakata ngati mgolo, amene ntchito yake inali kukoka ngolo ya nkhuni. Ameneyo anangowapatsa ngati basera.

A Khonyongwa anali ndi ana atatu, mayi wawo atamwalira kale. Woyamba anali Dzinkambani, munthu wa mawu ochepa ndi manja odekha, ndiye ankasamala akavalo akadwala. Wachiwiri anali Gostino, wamfupi, wopepuka thupi, wokonda kuseka ndi kutamidwa, ndiye anali wokwera. Wotsiriza anali Ndifanji, mwana wamkazi, ndiye ankadyetsa ndi kumwetsa. Kaphulusa ankamuzindikira Ndifanji ndi mapazi omwe, asanatulukire pangodya.

Patapita chaka Kaphulusa anabereka mwana wamphongo, wakuda bii, wa banga loyera pamphumi. Anamutcha Namondwe. Atakula anthu anayamba kusiya ntchito n'kumamuonerera. Akavalo ena akazungulira dambo kamodzi ankabwera thovu kukamwa, akupuma wefuwefu. Namondwe ankazungulira kawiri, n'kufika n'kuyamba kudya udzu ngati wangodzuka kumene. A Khonyongwa anasema thabwa ndi manja awo, n'kulembapo kuti Namondwe, mwana wa Bwanankubwa. Aliyense wobwera kudzaona ankamutengera kaye kwa Bwanankubwa n'kumuuza kuti magazi ake ndi awa.

Mvetserani bwino tsopano, chifukwa zolakwa zinachitika zitatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analakwa mwadala.

Namondwe atakwana zaka ziwiri anayamba ukali. Tsiku lina anaponda a Khonyongwa pantchafu, nkhalamba inagona mwezi wathunthu. Lamulo la pa Chiphazi linali lakuti khola limodzi mphongo imodzi, ena onse amafulidwa kuti afatse. Dzinkambani ataona bambo ake akubuula pamphasa sanadikire kutumidwa. Ananola mpeni wake, anaitana amuna anayi ogwira zingwe, n'kumufula Namondwe. Bambo ake anamuyamika ali chigonere, anati wachita bwino, mbewu ili mwa Bwanankubwa.

Chaka chotsatira kunagwa chilala. Dambo linayera mbee, madeya anasowa, ndipo a Khonyongwa ananena kuti akavalo atatu sangawakwanitse, Kaphulusa achoke. Nthawi imeneyo Ndifanji anali atangokwatiwa, mwamuna wake atabwera kudzakhala chikamwini, ndipo mbale wa mwamunayo, woumba njerwa ku Lizulu, ankafuna kavalo wokoka ngolo. Ndifanji anali atawaonapo abulu a munthuyo, misana yonse mabala okhaokha. Bambo ake atamufunsa ngati ndi munthu wosamala ziweto, iye anayang'ana mwamuna wake, anaganiza za apongozi ake, manyazi anamugwira, n'kuyankha kuti ndi wabwino. Ndi iye yemwe anagwira chingwe kukamupereka. Pamlatho Kaphulusa anaima kawiri kucheuka, Ndifanji n'kumukoka akulira. A Khonyongwa sanatuluke n'komwe kudzaona, anali otanganidwa kupesa mchira wa Bwanankubwa.

Kenaka linafika tsiku limene nkhalamba inalidikira moyo wake wonse. Namondwe anali ndi zaka zinayi, Gostino ali pamsana, a Khonyongwa ataima kutsogolo atavala jekete yatsopano. Mbendera itangogwa, mpikisano unatha pomwepo. Pozungulira kachiwiri akavalo enawo anali atatsala kutali moti fumbi lawo silinkamufika n'komwe Gostino. Akanangokhala phee pachishalo, chikho chinali chawo. Koma anamva nthungululu, anamva dzina lake likufuulidwa, n'kufuna kuti anthu adzasimbe kuti palibe anapambanapo chonchi. Anakweza chikoti. Panali pokhota potsetsereka, pomwe iye mwini ankadziwa kuti mfuko zimafukula. Namondwe anali kavalo wosadziwa kutopa, ukamupempha liwiro ankakupatsa. Mwendo wakutsogolo unalowa m'una, unamveka kuthyoka mpaka kumpanda. Anagwa patatsala mapazi osakwana zana kuti afike pamzere.

Gostino anadzuka ndi mikwingwirima chabe. Namondwe anayesa kudzuka katatu. Dokotala wa ziweto amene ankabwera chaka chilichonse kumpikisano anauona mwendowo, anapukusa mutu, n'kukatenga mfuti kugalimoto. A Khonyongwa anavula jekete ija n'kumufunditsa kavalo wawo kumaso.

Apa m'pamene panayambira ntchito zitatu, ndipo muzisunge m'mutu, pakuti ndikufunsani.

Pa Chiphazi kavalo wothamanga sankamusenda. Ankaikidwa wathunthu pansi pa mkuyu wa kuseri kwa makola. Koma Dzinkambani anali ndi funso lomwe linkamudya zaka ziwiri. Iye ndiye ankaika khutu pachifuwa cha kavalo aliyense, ndipo mwa Namondwe ankamva kugunda kwina, kochedwa, kolemera, kosafanana ndi kwa Bwanankubwa. Anapempha bambo ake kuti atsegule chifuwacho aone asanakwirire. A Khonyongwa anadzambatuka, anthu onse akumva.

"Wamudula kale kamodzi. Ukamukhudzanso ndi mpeni wakowo, ine ndi iwe tisadzalankhulanenso."

Dzinkambani anangodikira mpata. Bambo ake atapita kukaona okumba dzenje, iye anagwada n'kutsegula. Chimene anatulutsa chinadzaza beseni lochapira. Dokotala uja, amene anali atakwera kale galimoto, anatsika n'kuitanitsa sikelo ya fodya. Anayeza kawiri, osakhulupirira. Anati mtima wa kavalo wamba umalemera makilo anayi kapena kupitirirako pang'ono, koma uwu unafika asanu ndi awiri ndi theka. Anafotokoza kuti mtima wotere umatumiza magazi ambiri pakugunda kumodzi, n'chifukwa chake Namondwe sankachita befu: anzake akamatha mpweya iye amakhala asanayambe n'komwe kutopa. Anachenjeza kuti mtima wokha suthamanga, pamafunikanso miyendo, mapapo ndi maphunzitsidwe. Kenaka anawonjezera mawu amene anawononga tulo ta banja lonse. Anati kumayiko kumene akavalo ndi ochuluka, oweta ena amakhulupirira kuti mtima waukulu chonchi umadzera kuchikazi: mwana wamphongo amautenga kwa mayi ake, ndipo iyenso amangoupatsira ana ake aakazi. Sanalumbire kuti n'zoona, anangoti ndi zomwe amamva.

Dzinkambani sanafune lumbiro. Anayamba kuwerenga ndi zala pamaso pa bambo ake, amene anali atabwerera n'kuima chapatali. Bwanankubwa anabereka ana khumi ndi mmodzi mwa akavalo ena aakazi nthawi ya Bwana Kamndevu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafikapo ngakhale pachitatu. Koma mwana woyamba wa Kaphulusa, uja anaperekedwa kwa wamtengatenga wa kumishoni, ankatsika phiri lonse mpaka kuchigwa n'kukweranso tsiku lomwelo osachita thovu. Nanga Kaphulusa mwiniyo, ndani anamuonapo ataima pachitunda ndi ngolo ya nkhuni? Atafika pamenepo anasiya kuwerenga. Anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwake, n'kuzindikira kuti ndi womwewo umene unatseka njira ya ana aakazi a Namondwe. Anauponya m'dzenje muja, unakwiriridwa limodzi ndi kavalo.

A Khonyongwa anakhala pansi pafumbi, munthu wamkulu, osafuna ndi mpando womwe. Patapita nthawi anaitana mwana wawo wamkazi.

"Ndifanji, kodi Kaphulusa ali kuti?"

Chaka chathunthu chinali chitatha asanafunsepo funso limenelo. Madzulo omwewo nkhalamba inazula thabwa lija pakhomo pa khola lopanda kanthu. Koma mawu anali atanenedwa pagulu, ndipo a Khonyongwa anali munthu wouma khosi: chaka chathunthu sanamulankhule Dzinkambani, ngakhale moni. Anthu a m'deralo nawonso ankamuloza zala kuti ndi uja anang'amba mtembo bambo ake ataletsa. Iye ankangopitiriza kusesa makola.

Gostino sanakhale kumaliro a kavalo mpaka kumapeto. M'mawa mwake ananyamula bulangete ndi chingwe, n'kuuyamba wa ku Lizulu. Sabata yomweyo mwini akavalo wina wa ku Limbe anali atamuitana kuti akakhale wokwera wake, ntchito imene aliyense wokwera ankailota. Anangotumiza mawu kuti apeze wina. Ku Lizulu woumba njerwa uja anati kavaloyo anamusinthanitsa ndi abulu awiri. Wa abuluyo anati anamupereka kwa mlamu wake kutsidya kwa malire. Mlamuyo anali atasamuka. Gostino anayenda mudzi ndi mudzi miyezi itatu, akufunsa za kavalo wotuwa wachimutu, anthu akumuseka kuti munthu wabwinobwino n'kumasaka nkhalamba ya kavalo. Anamupeza kutsidya kwa malire komweko, kupitirira ku Ulongwe, akukoka ngolo ya matumba a mbatata. Nthiti zonse zinali pamtunda, pakhosi chilonda chachikulu ngati chikhatho, diso limodzi litachita khungu chifukwa cha chikoti. Koma ngolo ija ankaikweza chitunda osaima.

Mwini wake anakana kumugulitsa. Anati kavalo ameneyu ndiye manja ake, akachoka alima ndani, anyamula ndani. Gostino anati alima iye. Anakhala kumeneko dzinja lonse, kugalauza, kupalira, kubandira, kusenza matumba pamutu, munthu amene chibadwire sanagwirepo khasu tsiku lathunthu. Zokolola zitalowa m'nkhokwe, mwiniyo anamuika chingwe m'manja. Ulendo wobwerera unali wa masiku asanu ndi anayi. Gostino sanakwere pamsana pa Kaphulusa ngakhale phazi limodzi, anayenda pansi kutsogolo kwake mpaka nsapato zinatha. Ali m'njira anaona kuti mimba ya kavaloyo ikukula pamene thupi lonse likuonda, n'kuzindikira kuti ali ndi bere. Bambo wa mwanayo anali kavalo wina wa ngolo wa kumeneko, wopanda ndi dzina lomwe.

Atalowa pabwalo, a Khonyongwa sanamuzindikire msanga mwana wawo, anayamba kuzindikira kavalo. Anapita n'kugwira chilonda chija, n'kumangonena kuti pepa, pepa mayi, ngati akulankhula ndi munthu. Kaphulusa anawadutsa n'kukaika mphuno paphewa pa Ndifanji. Zimenezo zinamupweteka Ndifanji kuposa kumenyedwa.

Kuyambira tsiku limenelo Ndifanji anasamukira kukhola. Anatsuka chilondacho ndi madzi amchere, anamuphikira phala la madeya poti mano anali atatha, anakamumwetera msipu kumtsinje mtunda wautali. Tsiku lobereka linafika m'mawa wina wa mwezi wa Sepitembala, amuna onse atapita kukadula udzu. Kaphulusa anagona, anakankha, anakankhanso, mphamvu n'kutha. Mwana anali atapinda mwendo umodzi m'kati. Ndifanji anali atathandizapo mbuzi zokha, koma panalibe womuitana. Anapaka mkono mafuta ophikira, anaulowetsa mpaka paphewa, anawongola mwendowo, n'kukoka mpaka iye mwini anagwa chagada mwana ali pamiyendo pake. Anali wamkazi, wotuwa, wachimutu ngati mayi ake. Kaphulusa anamunyambita kamodzi kokha. Ndifanji ataona kuti mayiyo sadzukanso anathamangira mbale n'kumukama mkaka woyamba uja, umene mwana akapanda kuumwa sakhala moyo, n'kumwetsa kamwanako ndi supuni. Dzuwa lisanapendeke Kaphulusa anali atafa. Anamuika pansi pa mkuyu, pafupi ndi Namondwe.

Anamutcha Masiye. Miyezi inayi Ndifanji anamuyamwitsa mkaka wa mbuzi m'botolo, nsonga yake ya mphira wa chubu cha njinga, pafupipafupi osadumphitsa. Katatu konse kamwanako kanatsegula m'mimba mpaka maso kulowa, katatu konse anakabweza. Munda wake unamera thengo. Mwamuna wake anayamba ndi kung'ung'udza, kenaka ananena poyera kuti iye sanasiye kwawo kudzakhala mkamwini wa kavalo, asankhe. Ndifanji anayankha kuti anasankhapo kale kamodzi chifukwa cha iye, ndipo zotsatira zake zili pansi pa mkuyu. Mwamunayo anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo, ndipo sanabwerenso.

A Khonyongwa anasema thabwa lina. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, zilembo zinatuluka zokhotakhota, koma zinkawerengeka: Masiye, mwana wa Kaphulusa. Analukanso chingwe chachikopa chatsopano chakumutu, n'kuchipachika pamsomali m'chipinda mwawo. Tsiku lokhoma thabwalo anasowa wowagwirira msomali, n'kuitana kuti Dzinkambani, tabwera undigwirire apa. Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kwa iye, ndipo za kale sanazitchule.

Zaka zitatu zinapita. Bwanankubwa anafa ndi ukalamba, osadandaulidwa kwenikweni. A Khonyongwa anachita khungu kotheratu, miyendo n'kuyamba kutupa. M'mawa wina anapempha kuti awanyamule awaike m'mphepete mwa dambo. Masiye anamumasula wopanda wokwera, n'kumuombera m'manja. Anazungulira dambo kamodzi, kawiri, n'kuwonjeza kachitatu mwa kufuna kwake, nkhalamba ikutsatira ndi makutu. Atabwera anamuimika pafupi. A Khonyongwa anapapasa mpaka anapeza kuseri kwa mwendo wakutsogolo, n'kuikapo khutu. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kunkamveka kugunda kochedwa, kolemera, ngati munthu akusinja kumudzi wina. Misozi inatsikira m'ndevu. Anati awatengere chingwe chija.

Ana onse atatu anakhala pansi, ndipo bambo awo anawafunsa mmodzimmodzi chimene angachite naye kavaloyo akamupatsa.

Dzinkambani anati iye sangamulole kuponda pabwalo la mpikisano ngakhale tsiku limodzi. Mtima umenewu watsala mwa kavalo mmodzi yekha, mwendo ukathyoka wathera pomwepo. Adzamusunga abereke ana, chaka ndi chaka, kuti chimene chinatayidwa chichuluke. Chikho adzatenga adzukulu, kaya liti.

Gostino anati kavalo wotere kumutsekera m'khola n'kumusandutsa thumba longonyamula ana ndi zomwe zija ankanena Bwana Kamndevu. Bambo anadikira chikho zaka makumi anayi. Iye adzamukwera popanda chikoti, sadzacheukira nthungululu, ndipo chikhocho adzabwera nacho pakhomo, kaya mwini wake adzakhala ali moyo kaya ali kumanda.

Ndifanji anati achimwene ake onse awiri akuona mtima, palibe akuona Masiye. Mayi ake anafera kubereka, mlongo wake anafera kuthamanga, ndipo anthu awa akufuna asankhe imfa imodzi mwa ziwirizo. Kwa iye adzangodya udzu n'kuthamanga padambo pamene wafunira, mpaka adzakalambe. Mtunduwo ukathera pa iye, uthe, banja lino laudyera mokwanira.

A Khonyongwa anamvetsera onse, chingwe chili pamiyendo. Anachipapasa, anachikweza pang'ono, ana atatu onse akuyang'ana kumene chilowere. Kenaka anachibweza pamiyendo.

"Ana inu, ine ndinasankhapo kamodzi. Anali akavalo awiri okha, ndili ndi maso onse awiri, ndi zaka makumi atatu za ntchito, ndipo ndinataya wolakwika. Lero ndili wakhungu, mukuti ndisankhe pakati pa ana anga atatu?"

Anawauza kuti abwere mawa. Mawa lake anati mkuja. Anamwalira tsiku lachisanu, masana, chingwe chili m'manja, ndipo anachita kutambasula zala zawo kuti achichotse.

Chingwecho anachibwezera pamsomali, ndipo palibe mwa atatuwo amene analimba mtima kuchitsitsa yekha, pakuti pa Chiphazi chingwe munthu sadzitengera. Abale atasonkhana pambuyo pa maliro, mlandu unakula m'malo mochepa. Dzinkambani anati pakanapanda iye kutsegula chifuwa chija, kulolera kudedwa ndi bambo ake chaka chathunthu, Namondwe akanakwiriridwa ndi chinsinsi chake, ndipo palibe akanaganiza zokasaka Kaphulusa. Ena anamuyankha kuti pakanapanda mpeni wake womwewo, bwenzi khola litadzaza ana aakazi a Namondwe. Gostino anati kudziwa kokha sikukanabweretsa kavalo kuchokera ku Ulongwe, anayenda ndi iye, analima ndi iye, anataya ntchito ya ku Limbe ndi iye. Ena anamuyankha kuti pakanapanda chikoti chake, bambo ake akanafa atagwira chikho. Ndifanji anati achimwene anabweretsa kavalo wakufa ndi mwana wopinda mwendo, ndipo pakanapanda mkono wake ndi botolo lake bwenzi pansi pa mkuyu pali manda atatu, iye ali pabanja pake. Ena anamuyankha kuti pakanapanda bodza lake lija, Kaphulusa akanapita kwa munthu wachifundo pafupi pomwepo, n'kubereka ana asanu ali ndi thanzi.

Palibe anakana cholakwa chake. N'chimene chimandimvetsa chisoni pa nkhani imeneyi: onse atatu ankavomera, mitu ili pansi, ndipo onse atatu ankachifuna chingwecho kuti akonze chimene anawononga.

Masiye anali pafupi kukwanitsa zaka zinayi, msinkhu womwe Namondwe anafera, msinkhu womwe kavalo amakhala pachimake pa liwiro, womwenso amayenera kuyamba kubereka. Udzu unali ukuuma, Ogasiti atatsala miyezi iwiri. Kavalo sadikira milandu ya anthu, chaka chikadutsa chadutsa. M'mawa uliwonse Dzinkambani ankabwera kudzamuika khutu pachifuwa, Gostino kudzamuyang'ana miyendo, Ndifanji kudzamupatsa madeya, ndipo ankasemphana pakhomo pa khola osayang'anana.

Ine ndafika pamene ndimathera. Nkhalamba inakana kusankha, abale analephera, ndipo nanenso musandiyang'ane. Tsitsani chingwecho pamsomali inuyo. Uyu anazindikira, uyu anakatenga, uyu analera. Uyu anafula, uyu anakwapula, uyu ananama. Mukachipereka kwa woyamba, chikho cha a Khonyongwa mwina sichidzabwera. Mukachipereka kwa wachiwiri, mwendo ungathyokenso. Mukachipereka kwa wachitatu, mtima wa Kaphulusa udzathera pansi pa mkuyu. Tanenani tsono, chingwe cha Masiye muchiika m'manja mwa yani?